Funsani Azakhali: Ana Athu ku Sande Sukulu Tawasiya m'Manja mwa Yani?

Mwezi uno nkhani za apongozi ndi ngongole za chilimba ndaziika kaye pambali. Ndalandira makalata anayi ochokera mbali zosiyana za chigawo chathu cha kum'mawa kwa Zambia, ndipo onse akunena za ana ku tchalitchi. Maina a olemba ndi a mipingo yawo ndachotsa monga mwa nthawi zonse. Kwa amene simundidziwa, choko ndinachigwira zaka 31 ku pulayimale, ndipo Sande sukulu ndinayamba kuphunzitsa ndisanakwatiwe, pansi pa mtengo wa mango, ana atakhala pa njerwa. Ndiye zimene ndinene pano musazitenge ngati za munthu wodana ndi mpingo.

Aticha anati ndisanene

Azakhali,
Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa tomato ndi repu pa msika wa Kapata. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11 ndipo amaimba kwaya ya ana. Mphunzitsi wawo ndi bambo wa zaka za m'ma 30, wodzipereka kwambiri, mpingo wonse umamukonda. Koma mtima wanga sukukhazikika. Kwaya ikatha Loweruka madzulo ana ena amapita, wanga amatsala kuti aphunzire solo, ndipo amabwera naye pa njinga mdima utagwa. Anamugulira nsapato. Sabata yatha ndinapeza K50 m'chikwama chake cha sukulu, nditamufunsa anati, "Aticha anati ndisanene." Amuna anga akuti ndili ndi mtima woipa, ndikufuna kunamizira mtumiki wa Mulungu amene akutithandiza. Ndi maso anga sindinaone choipa chilichonse. Kodi ndikulakwa?
Mayi wosowa tulo, Chipata

Mwana wanga, simukulakwa. M'kalata yanu yonse ine ndaima pa liwu limodzi, loti "ndisanene". Nsapato si mlandu, njinganso si mlandu, kuno ku Chipata tonse timakwera kabaza. Koma munthu wamkulu amene akupatsa mwana wa zaka 11 ndalama n'kumuuza kuti abise kwa mayi ake wapyola malire, kaya mumtima mwake muli zotani. Wofuna kuthandiza banja amabwera masana, amaodira, amapereka nsapatozo m'manja mwa makolo, mwana n'kugwada kuthokoza onse akuona.

Sindikuti bamboyo wachita kale kanthu. Koma ogwirira ana ambiri sakhala anthu achilendo obisala m'tchire la ku phiri la Kanjala. Amakhala anthu amene mwana amawadziwa ndi kuwalemekeza: wachibale, woyandikana naye nyumba, mphunzitsi, mtsogoleri wa kwaya. Ndipo sapupuluma. Amayamba n'kukopa makolo, kuti tsiku limene mayi adzakayike, bambo wa m'nyumba adzakhale woyamba kuwaikira kumbuyo. Kenako amasankha mwana mmodzi pagulu, kawirikawiri wa kunyumba kosowa kapena wofatsa wosayankha akulu. Amamupatsa timphatso, amamupatsa udindo womusiyanitsa ndi anzake, amamuzoloweza kukhala awiriwiri. Kachinsinsi ka K50 kamakhala koyesera chabe. Mwana akasunga aka, amadziwa kuti adzasunganso chachikulu.

Kuyambira Loweruka lino mwana asatsalenso. Simufunika umboni kuti munene kumene mwana wanu akhale dzuwa likamalowa. Ngati simungachoke pamsika, gwirizanani ndi mayi mnzanu wa mu komboni kuti ana azibwerera limodzi kwaya ikangotha. Solo aphunzire anzake ali pomwepo, popeza adzaimbanso pamaso pa anthu.

Kenako chezani naye, osati mutanyamula mthiko. Sankhani nthawi imene mukumuluka tsitsi kapena mukusankha naye nyemba, pamene maso sakuyang'anana. Yambani n'kumuuza kuti za K50 zija simumukwapula. Mufunseni kuti, "Anzako akapita mumachita zotani?" n'kumusiya alankhule. Musamuikire mawu m'kamwa monga akuti "anakugwira apa eti?" chifukwa mwana amatha kuvomera kuti akusangalatseni, kapena kukana chifukwa cha mantha, ndipo nkhani ikadzafika kwa apolisi mawu oikiridwawo amasokoneza. Muuzeninso kuti palibe wamkulu, kaya abusa, kaya amalume, wololedwa kumuuza kuti abise kanthu kwa inu kapena kumugwira malo obisika.

Ndikuuzeni chimene chimandiluma mpaka lero. Kalekale, ndili ndi kalasi yanga ya Sande sukulu, ndinkakonda kutuma kamtsikana kena kukatenga mabuku a nyimbo kunyumba kwa bambo wina amene ankasunga makiyi. Tsiku lina kanakana. Kanangoima pakhomo, kakukanda pansi ndi chala cha kuphazi, n'kunena chapansipansi kuti, "Tumani wina." Ine ndinakakalipira pamaso pa anzake kuti ndi kaulesi ndi kamwano, ndipo kanapita kakulira. Patapita zaka zambiri, ali kale ndi ana ake, anandikokera pambali pamaliro n'kundiuza zimene zinkachitika m'nyumba muja. Mwana uja anali atandiuza tsiku lomwe lija, mmene ana amanenera, koma ine mutu unali pa mabuku a nyimbo.

Kumpingo pitani kwa amayi busa kapena kwa mkulu woyang'anira ana. Musapite kukaimba munthu mlandu. Kapempheni kuti pa kwaya ya ana pazikhala akulu awiri nthawi zonse, mmodzi akhale mayi, ndipo chitseko chizikhala chotsegula. Za ndalama yobisa ija nenani monga zinachitikira, osathira mchere. Mphunzitsi wa mtima woyera amakondwa akapatsidwa mnzake, chifukwa nayenso amatetezeka ku mabodza. Akapsa mtima n'kuyamba zoti "simundikhulupirira", kapena akayamba kudikirira mwanayo panjira ya kusukulu, wakuyankhani yekha funso lanu.

Bambo a kunyumba kwanu, ngati mukuwerenga: akazi anu sananamizire munthu. Afunsa chifukwa chimene mwana wanu wamkazi akufikira usiku pa njinga ya mwamuna ali ndi ndalama yobisa. Akanakhala mwini kantemba kapena kondakitala wa basi amene akuchita zimenezi, bwenzi mutafika kale pakhomo pake. Funsolo ndi lomwelo ngakhale munthuyo wanyamula Baibulo.

Mwana akadzaulula kuti anachitidwa zoipa, mukhulupirireni, musalire mokuwa pamaso pake, ndipo musamufunse kuti "bwanji sunanene?" Ngati zangochitika kumene, asasambe, zovala musachape, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Mukatero pitani ku polisi, ku ofesi ya Victim Support Unit, ija timangoti VSU. Nambala ya 116 ya Childline, yothandiza ana amene ali pamavuto, ndi yaulere, imalowa ngakhale mu foni mulibe talk time. Mwanayonso ailoweze pamtima monga amalowezera vesi.

Kalata ya ku polisi kwa munthu wodzipereka

Azakhali,
Ndine mkulu wa mpingo kumbali ya Katete, ndipo anandisankha kuyang'anira Sande sukulu. Ana amafika 90 pa Lamulungu koma aphunzitsi ndi awiri okha, amayi achikulire amene atopa. Mwezi watha kwabwera m'bale wochokera ku Lusaka, katswiri wa gitala, ndipo wadzipereka kutenga ana onse, ngakhale kukawatsogolera ku kampu ya tchuthi cha Ogasiti. Abusa athu atsopano akuti ayambe wabweretsa kalata ya ku polisi yoonetsa kuti sanapezekepo ndi mlandu. Ine ndikuona ngati tikunyoza munthu amene akudzipereka kwaulere. Ofuna ntchito imeneyi ndi osowa kale. Tizithamangitsanso ochepa amene abwera?
Mkulu wa mpingo, Katete

Bambo mkulu, ndikufunseni kaye. Mbale ya chopereka ikachoka kutsogolo, amawerenga ndalamazo ndi anthu angati? Ku mipingo imene ndapempherako amawerenga atumiki awiri kapena atatu, n'kusaina onse m'buku. Msungichuma sanabwerepo kudzalira kuti tamutcha wakuba. Tonse timadziwa kuti ndi mmene ndalama zimasungidwira. Tsono timakwacha tochepa timatiikira mboni zitatu, koma ana 90 tikufuna kuwapereka kwa munthu mmodzi amene tamudziwa masabata anayi.

Abusa anu akunena zoona, ndipo ine ndikuti kalata ya ku polisi payokha ndi yochepa. Apolisi amatenga zidindo za zala n'kuona ngati munthu anapezekapo ndi mlandu. Koma ambiri ochitira ana zoipa sanaimepo m'khoti, chifukwa nkhani zawo zinathera pansi pa mtengo ndi mbuzi. Munthu wotero kalata yake imatuluka yoyera. N'chifukwa chake mlendo, kaya aimbe gitala mpaka tonse tigwetse misozi, ayambe wakhala pabenchi miyezi isanu ndi umodzi, anthu amuone mayendedwe ake. Abweretse kalata yosamukira yochokera ku mpingo umene wachoka, ndipo inu muimbe foni nokha kwa abusa kapena akulu a kumeneko, pa nambala imene mwaifufuza nokha. Musafunse kuti "ndi Mkhristu wabwino?" chifukwa aliyense adzati inde. Funsani kuti, "Kodi inuyo mungamusiyire ana anu?" Akazengereza kuyankha, kuzengerezako mukumve.

Kuti pasakhale wonyozeka, lamulolo likhudze onse: amayi awiri achikulire aja, mwana wa abusa, ndi inuyo amene. Mukayamba ndinu kukadinda zala, m'bale wa ku Lusaka sadzakhala ndi chodandaula. Ndipo izi si nzeru za abusa atsopano okha. Lamulo la ana la Children's Code Act, limene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu Ogasiti 2022, limafuna kuti mabungwe ogwira ntchito ndi ana akhale ndi ndondomeko yotetezera anawo. Mpingo wosonkhanitsa ana 90 sabata iliyonse sunganene kuti zimenezo n'za masukulu okha.

Vuto lanu lenileni ndi kuchepa kwa antchito, chifukwa mpingo wotopa umalandira aliyense amene wakweza dzanja. Pa zaka zanga zonse sindinaonepo aphunzitsi akupezeka polengeza kutsogolo kuti "amene akufuna aonane ndi mlembi". Anthu amaopa kuti akangovomera, ntchitoyo adzafa nayo. Pitani m'makomo. Pemphani munthu Lamulungu limodzi pamwezi, osati moyo wake wonse. Amayi a Chigwirizano alipo, aphunzitsi ndi anamwino opuma pantchito alipo, ndiponso azibambo amene amaganiza kuti ana ndi ntchito ya akazi. Wina sangathe kuphunzitsa koma angathe kukhala kumbuyo ndi kuona, ndipo ameneyo ndi wofunika ngati wophunzitsayo. Mukapeza anthu asanu ndi atatu, agaweni ana potengera misinkhu, gulu lililonse akulu awiri, osati mwamuna ndi mkazi wake. Achinyamata a zaka 15 kapena 16 athandize kuimbitsa ndi kugawa mapepala, koma musawawerenge ngati akulu. Nawonso ndi ana, ndipo nthawi zina wovutitsa wamng'ono amakhala mwana mnzake wamkulupo.

Gulani kope lachikuto cholimba. Mulembemo dzina la mwana aliyense, womulera, nambala ya foni, matenda amene ali nawo monga khunyu kapena mphumu, ndi amene amabwera kudzamutenga. Ana osamva, osaona ndi ovutika kuganiza muwaike chizindikiro kuti maso azikhala pa iwo kwambiri, chifukwa woipa amadziwa kuti sangathe kufotokoza bwino, ndipo akafotokoza anthu sawakhulupirira. Kusamala ana otere si chinthu chachilendo kwa ife a kum'mawa. Ku Magwero, kumene mishoni inayamba mu 1899, ana osaona anayamba kuphunzitsidwa kale mu 1905.

Tsono za kampu. Mwana asakwere galimoto popanda kalata yosainidwa ndi kholo kapena womulera. Kanta yonyamula chimanga, ana ataimirira kumbuyo akuimba makorasi pa msewu wa Great East, imaoneka yosangalatsa mpaka dalaivala ataponda buleki mwadzidzidzi. Ngati ndalama za basi zasowa, chepetsani mtunda, kachitireni kampu pa sukulu yapafupi, ndipo musayende usiku. Itanani maina kuchokera m'kope paliponse pamene mwaima, musangowerenga mitu. Ine ndinasiyapo kamnyamata pa Mtenguleni titaima kugula nzimbe, chifukwa ndinawerenga mitu n'kukwana, osadziwa kuti mutu wina unali wa mwana wa dalaivala. Tinakapeza katakhala pa mwala, nzimbe ili m'manja, sikanadyeko ngakhale mfundo imodzi.

Pogona, atsikana ndi amayi awiri, anyamata ndi azibambo awiri, ndipo mtsogoleri asagone mphasa imodzi ndi mwana. Akulu asambe nthawi yawo, ana nthawi yawo. Wopita kuchimbudzi usiku apite ndi mnzake ndi tochi. Pasapezeke zotengera mwana mmodzi kuseri kuti akamupempherere kapena akamuchotse ziwanda. Pemphero limene silingachitike anthu akuona lisachitike. Madzi akumwa muthire klorini. Sitinaiwale kolera imene inachititsa kuti masukulu asatsegulidwe mpaka Febuluwale mu 2024. Maneti a udzudzu anyamulidwe, ndipo ngati pafupi pali damu kapena chitsime chosatseka, tsiku loyamba lomwelo ana auzidwe kuti kumeneko sikupitidwa, wamkulu mmodzi n'kupatsidwa ntchito yoyang'ana komweko.

Chotsiriza ndi foni. Mtsogoleri asamalemberane ndi mwana payekha pa WhatsApp, uthenga uzipita kwa makolo. Zithunzi za ana asaziike pa Facebook popanda chilolezo, makamaka zoonetsa dzina ndi yunifolomu ya sukulu. M'bale wa gitala uja, akakwanitsa miyezi yake ndi makalata ake, mulandireni ndi manja awiri, akhale mmodzi mwa asanu ndi atatu aja. Kampu ya chaka chino itsogoleredwe ndi anthu amene mwawadziwa kale.

Kamkwapulo

Azakhali,
Ndili ndi zaka 20, ndimaphunzitsa kalasi ya ana aang'ono. Amasokosa kwambiri moti mawu amandithera. Amayi ena akuti ndizithyola kamkwapulo, akuti buku la Miyambo limalola. Ine dzanja limandilemera. Ndine wofooka kodi?
Mtsikana wa ku Chadiza

Mwanawe, dzanja lakolo lili ndi nzeru kuposa mmene ndinalili ine pa msinkhu wako. Ndodo ndinaigwiritsa ntchito zaka zanga zoyamba, sindibisa, ndipo imene inandipatsa ndi kalasi ya zii. Ndinkati ndi mwambo, koma anali mantha, ndipo mwana wokuopa sadzabwera kwa iwe tsiku limene wina wamuchita choipa. Komanso malamulo asintha. Lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kukwapula ana m'masukulu, ndipo lamulo la ana la 2022 limaletsa kulanga mwana pomumenya. Ukatupitsa mwana wa eni, amayi okulangiza aja sadzapita nawe ku polisi.

Ana a zaka zisanu sanalengedwe kuti akhale chete ola lathunthu. Nthano ikhale ya mphindi khumi, kenako nyimbo yovina, kenako asewere nkhaniyo, wina akhale Goliati agwe pansi, fumbi likwere. Wosokosa kwambiri mpatse ntchito, agwire chithunzi kapena ayambitse nyimbo. Ndipo usakhale wekha ndi ana onsewo, kapemphe mayi mmodzi azikhala nawe. Kamwana kakafuna kuchimbudzi, kaperekezedwe ndi mkulu wake kapena itana mayi ake. Ngati palibe, iwe ima panja pa chitseko.

Ng'ombe imodzi ndi K3,000

Azakhali,
Mdzukulu wanga wa zaka 14, amene ndimalera chimwalirire mayi ake, ali ndi pakati pa miyezi itatu. Wanena kuti mwini wake ndi mtsogoleri wa achinyamata wa mpingo wathu, wa zaka 27, amene ankawaphunzitsa sewero la Khirisimasi. Akulu a mpingo anatiitana n'kutiwerengera Mateyu 18, kuti m'bale akachimwa tizikambirana patokha. Abale a mnyamatayo alonjeza ng'ombe imodzi ndi K3,000 ya damage, ndi kuti adzamukwatira akabereka. Akuti ndikapita ku polisi ndichititsa manyazi dzina la Yesu. Mwanayu amuimitsa kwaya, koma mnyamatayo Lamulungu lapitali ndiye anatsogolera nyimbo. Ndine wosauka, ng'ombe sindinakhalepo nayo. Nditani?
Gogo wa ku Kasenengwa

Agogo anzanga, pepani. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo pamene pandiwawa kwambiri ndi pa Lamulungu lija: mwana atakhala kumbuyo mutu uli pansi, womuwonongayo ali kutsogolo akukweza manja.

Chimene chachitika apa si chibwenzi chimene chalakwika. M'malamulo a Zambia, pa gawo 138 la Penal Code, kugona ndi mwana wosafika zaka 16 ndi mlandu wa defilement, ndipo wopezeka wolakwa amalandira zaka zosachepera 15 m'ndende, mwinanso moyo wonse. Zoti mwana anavomera sizigwira ntchito, chifukwa wa zaka 14 alibe chilolezo choti angapereke. Ukwati akulonjezawo kulibe. Kuyambira kumapeto kwa 2023 lamulo la ukwati silivomereza ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale wa chikhalidwe chathu, ndipo mafumu athu ena monga Inkosi Madzimawe akhala akudzudzula poyera maukwati a ana kwa zaka zambiri. Kulandira ndalama kapena chiweto kuti mlandu waukulu ngati uwu ubisike ndi mlandunso. Ng'ombe imeneyo ingakugwetseni inuyo m'mavuto.

Mateyu 18 akuluwo ayambira pa vesi 15, pamene akunena za abale awiri olakwirana. Akanabwerera pang'ono m'mutu womwewo, pa vesi 6, akanapeza mwala wa mphero womangidwa m'khosi mwa wokhumudwitsa kamwana. Awerengenso 2 Samueli 13. Tamara atagwiriridwa ndi Amnoni, Abisalomu anamuuza kuti akhale chete popeza ndi nkhani ya pachibale, ndipo Davide anakwiya koma sanachitepo kanthu. Patapita zaka ziwiri m'nyumba imeneyo munakhetsedwa magazi. Dzina la Yesu silinyozeka chifukwa gogo wapita ku polisi. Linanyozeka kale tsiku limene munthu anagwiritsa ntchito sewero la Khirisimasi kuti afikire mwana wamasiye. Mpingo uli ndi chilango chake, kumuimitsa udindo ndi mgonero, ndipo uyenera kutero lero lomwe. Koma bwalo la mpingo si khoti. Akhoza kulapa, Mulungu n'kumukhululukira, akadali m'manja mwa boma. Ganiziraninso kuti m'sewero lija munali atsikana ena. Nkhani ikathera pa ng'ombe, Disembala akubwerayu adzawaphunzitsanso.

Mawa m'mawa pitani naye kuchipatala akayambe sikelo ndi kuyezedwa magazi. Thupi la zaka 14 silinakhwime, ndipo pakati potere pamafuna kuyang'aniridwa mwapadera mpaka adzachirire kuchipatala, osati kumudzi. Auzeni anamwino zaka zake ndi zaka za mwamunayo mosabisa. Kuchoka apo pitani ku VSU, mutatenga kadi yake ya sikelo ya ali wakhanda kapena chikalata chilichonse choonetsa tsiku lobadwa, chifukwa m'khoti zaka za mwana zimafuna umboni. Musapite nokha. Tengani mwana wanu wamwamuna, mlongo wanu kapena mayi mmodzi wolimba mtima wa mumpingo, alipo ndithu amene zamunyansa koma akuopa kuyamba. Ku boma kuli ofesi ya Social Welfare, auzeni kuti mwanayu ndi wamasiye ndipo inu mulibe chothandizira. Abale a mnyamata akayamba kukuopsezani kapena kubwera usiku ndi ndalama, kanenenso ku polisi, ndipo 116 muziimba nthawi iliyonse.

Sukulu asasiye. Kuyambira mu 1997 boma limalola mtsikana amene watenga pakati kubwerera kusukulu akabereka, ndipo kuyambira mu 2022 m'masukulu a boma salipiritsa fizi. Kaonaneni ndi ahedi tsopano kuti malo ake asungidwe.

Mwanayo akumva zonse zimene zikunenedwa pamudzi, ndipo akuganiza kuti ndiye wabweretsa tsoka pakhomo panu. Muuzeni ndi pakamwa panu, usiku uno musanagone, kuti wolakwa si iyeyo ndipo simumupereka kwa munthu uja. Akafuna kupita kutchalitchi, valani chitenje chanu chabwino mukakhale naye benchi limodzi. Akakana, musamukakamize, khalani naye pakhomo. Mukabwerako ku VSU mundilemberenso, mundiuze mmene akulandirirani.